Kamera yopanda viewfinder: muigule kapena ayi, ndipo mujambule nayo bwanji padzuwa

Achinyamata amene akuyamba ntchito yojambula amanditumizira zithunzi za makamera pa WhatsApp, ina akuti yachokera ku Joni, ina ku UK, n'kufunsa kuti, "Akulu, iyi ndigule?" Ambiri mwa makamerawo masiku ano alibe viewfinder, kaboo kaja timaikapo diso pojambula. Kumbuyo kwake kuli sikirini basi. Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano kuno ku Salima, ndipo m'chikwama mwanga muli mitundu yonse iwiri, Nikon D3200 yakale yosuzumira ndi Sony ZV-E10 yopanda posuzumira. Ndisanayankhe ndimafunsa kaye kuti mudzajambula chiyani, kuti, ndipo nthawi yanji, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Chithunzi chenichenicho sichichepa ubwino chifukwa choti viewfinder palibe. Chimene chimagwira kuwala ndi sensa, ndipo makampani amakonda kuika sensa yofanana m'makamera awiri, ina yosuzumira ina ayi. Sony a5100 ndi a6000, onse a mu 2014, ali ndi sensa ya mamegapikiseli 24. Nikon Z30 ya mu 2022 ili ndi ya 20.9 monga Z50 ya mu 2019. Canon EOS M200 ndi M50 nawonso ndi pachibale. Mutaika lenzi imodzi pa awiriwo n'kujambula munthu mmodzi, palibe kasitomala angakuuzeni kuti ichi chachokera uku. Chimene chimasintha ndi inuyo: mmene mukuonera pojambula, mmene mwagwirira kamera, ndi zithunzi zingati zimene zikupulumukeni.

Si zachilendonso ayi. Casio QV-10 ya mu 1995, imene inayambitsa zoika sikirini kumbuyo kwa kamera ya anthu wamba, inalibe posuzumira. Ena mwa makamera oyamba osintha malenzi koma opanda kalilole mkati, monga Olympus PEN E-P1 ya mu 2009, Sony NEX-5 ya mu 2010 ndi Canon EOS M ya mu 2012, anabweranso opanda. Pano makampani akuchotsa dala pofuna anthu ojambula mavidiyo, n'chifukwa chake kuli ZV-E10 ya mu 2021, Z30, komanso Fujifilm X-M5 ndi Panasonic Lumix S9 za mu 2024.

Dzuwa ndiye mlandu waukulu

Sikirini ndi nyali yaing'ono, ndipo imaoneka bwino pokhapokha ikamawala kuposa malo amene muli. M'nyumba zilibe vuto. Koma imani pabwalo la tchalitchi cha m'ma 11 koloko mwezi wa Okutobala, akwati akutuluka, amayi akululutira, muone. Pasikirini pamangooneka nkhope yanu yomwe ndi thambo, akwatiwo ali mbuu chapatali. Kwathu kuno dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, cha kumapeto kwa Okutobala kulowa Novembala ndiponso cha mu Febuluwale, ndipo kunyanja mchenga ndi madzi zimabweza kuwala kuchokera pansi. Amene amalemba za makamera ali kumaiko ozizira vutoli amangolitchula mzere umodzi n'kupitirira. Kwa ife ndi la Loweruka lililonse.

Wa viewfinder amangoika diso, mphumi n'kutchinga kuwala, zatha. Inu muyenera kugwirapo ntchito.

Yambani ndi menyu. Pezani pamene palembedwa Monitor Brightness kapena LCD Brightness, muchotse pa Auto, mukweze mpaka kumapeto. Pa Sony pali pena palembedwa Sunny Weather, pamene pamawalitsa sikirini kuposa muyeso wa masiku onse. Ngati kamera yanu imalola, ikani zimenezi pa batani limodzi kapena pa Fn kuti musamafufuze m'menyu akwati akukudikirani. Batire imatha msanga ndipo kamera imatentha, choncho mukalowa m'holo bwezerani pansi.

Kenako yang'anani malaya amene mwavala. Sikirini imaonetsa chimene chayang'anizana nacho, ndipo nthawi zambiri chimenecho ndi chifuwa chanu. Mukavala shati yoyera mwadzitsekera nokha. Ine patsiku la ntchito ndimavala yakuda kapena yabuluu woderako ngakhale kutenthe bwanji, ndi chipewa chakhonde lalikulu. Ndikaweramitsa mutu pang'ono khondelo limaponya mthunzi pasikirini. Ngati sikirini yanu imapindika, ipendeketseni pang'onopang'ono mpaka isiye kuyang'ana thambo. Kawirikawiri kupendeketsa kochepa chabe n'kokwanira. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 4 koloko, imani moti thupi lanu litchinge kamera.

Chachitatu ndi kakhonde ka katoni. Tengani katoni yopyapyala koma yolimba, monga ya bokosi la tiyi kapena la nsapato. Yezani sikirini, zambiri ndi za mainchesi atatu. Dulani chidutswa chimodzi chachitali chimene mukachipinda pawiri chikuta pamwamba ndi m'mbali zonse ziwiri, chotuluka kutsogolo masentimita asanu kapena asanu ndi imodzi. Pansi musiye potseguka kuti chala chizilowa pokhudza sikirini. Mkati monse matani tepi yakuda ija ya amagetsi, chifukwa katoni yoyera mkati imangobweza kuwala komwe mukuthawa. Siyani timapiko tiwiri kumbuyo n'kumanga ndi lasitiki mozungulira sikirini. Musamange kwambiri, hinji ya sikirini ndi yosalimba. Sikaoneka bwino, ana amaseka, koma kamagwira ntchito. Kunja amagulitsa okonzedwa kale, komanso loupe, kabokosi kakuda kokhala ndi galasi lokulitsa kamene mumakagunditsa pasikirini n'kuikapo diso. Wotchuka ndi HoodLoupe wa kampani ya Hoodman. Ukakhala nako kamera imasanduka yosuzumira, koma ubwino wa kuchepa kuja wapita.

Ndikafuna kutsimikiza kuti maso a mkwatibwi atuluka akuthwa pachithunzi cha gulu, chimene sichingabwerezedwe anthu akabalalika, ndimafunda chitenje chakuda kumutu pamodzi ndi kamera, n'kukulitsa chithunzicho. Ojambula akale a makamera amatabwa oimika pamiyendo itatu ankachita chimodzimodzi ndi nsalu yakuda, pa chifukwa chomwechi. Ndimauza anthu kuti, "Musachoke kaye, ndione," ndipo sizitenga nthawi.

Koma chofunika kuposa zonsezi n'chakuti musiye kukhulupirira maso anu pa nkhani ya kuwala. Padzuwa sikirini imaoneka yakuda, ndiye munthu amaganiza kuti chithunzi chada n'kuwonjezera kuwala. Akafika kunyumba pa kompyuta amapeza diresi la mkwatibwi layera mbee, maluwa onse amene telala anasoka usiku wonse afufutika, ndipo chimene chapsa motero sichibwerera. Usiku m'holo zimatembenuka: sikirini imawala kwambiri mumdima, mumaona ngati zili bwino, koma nkhope zada bii. Khungu lathu pafupi ndi diresi loyera ndi suti yakuda ndi mayeso ovuta kwa kamera iliyonse, ndipo sikirini yonama imangowonjezera.

Mankhwala ake ndi histogram, kagirafu kooneka ngati phiri kamene mumakatulutsa podina batani la DISP kapena INFO. Kumanzere ndi mdima, kumanja ndi kuwala. Phirilo likaunjikana n'kugunda khoma lakumanja, china chake chapsa, chepetsani. Likathawira lonse kumanzere, onjezerani. Ubwino wake ndi woti ndi koyera pa malo akuda, moti kamaoneka ngakhale padzuwa pamene chithunzi chenichenicho sichikuoneka. Pa Sony palinso zebra, timizere toyendayenda timene timatuluka pamalo amene awala mopitirira. Ine ndimaika pa 100+, ndipo timizere tikayamba kuoneka pa velo kapena paphewa la diresi ndimatsitsa pang'ono mpaka tichoke. Makamera ena amaonetsa malo opsawo mothwanima mukamaonanso chithunzi mutajambula kale. Yatsani zimenezo.

Sungani pamtima lamulo lakale la ojambula a filimu. Padzuwa lowala bwino, f/16 (kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi) imayenda ndi shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) yofanana ndi ISO (mphamvu imene sensa ikumvera kuwala): ISO 100, f/16, 1/100. Mukatsegula lenzi mufulumizitse shutter mofanana: f/11 pa 1/200, f/8 pa 1/400, f/5.6 pa 1/800, f/4 pa 1/1600. Mukaona kamera ikupereka manambala otalikirana kwambiri ndi amenewa masana dzuwa likuswa mtengo, dziwani kuti mwadina china chake mosadziwa, ngakhale sikirini musakuiona.

Magalasi adzuwa aja a polarized vulani. Amadetsa sikirini, ndipo pa makamera ambiri mukatembenuza kuti mujambule choimirira sikirini imada bii ngati yazima.

Kagwiridwe

Wosuzumira amagwira kamera malo atatu: manja awiri ndi mphumi, zigongono zitatsamira nthiti. Wa sikirini amaitambasulira kutsogolo, ndipo manja otambasula amanjenjemera ngakhale mwini wake asakumva. Masana sizioneka chifukwa shutter ndi yothamanga. Zimaoneka m'tchalitchi, pamene kuwala n'kochepa ndipo abusa ena salola fulashi, nthawi yovekana mphete. ZV-E10, Z30, M200 ndi a5100 onse alibe chotetezera kugwedezeka m'thupi mwa kamera. Amadalira cha mu lenzi, chimene Sony amachilemba OSS, Nikon VR, Canon IS. Lenzi yobwera ndi kamera, ngati 16-50mm, imakhala nacho, koma malenzi ambiri otchipa a 35mm kapena 50mm amene timawakonda chifukwa cha kuwala alibe.

Chitani izi. Fupikitsani lamba wa kamera, mumukoleke m'khosi, mukankhire kamera kutsogolo mpaka lambayo akungike. Khosi lalowa m'malo mwa mphumi. Zigongono zikhale zogunda nthiti, dzanja lamanzere pansi pa lenzi osati m'mbali mwa kamera. Njira ina imene ndimaikonda kwambiri ndi kutembenuza sikirini kuti iyang'ane kumwamba, kamera n'kuitsamiritsa pamimba kapena pachifuwa, ine n'kumayang'ana pansi. Imakhazikika kuposa ngakhale yosuzumira, ndipo pojambula ana kapena anthu okhala pamphasa msinkhu wake ndi woyenera kale. Pakakhala benchi, chipilala kapena zenera, tsamirani. Tulutsani mpweya pang'ono, dinani mofatsa, ndipo jambulani zitatu zotsatizana, chapakati chimakonda kutuluka bwino.

Za shutter, lamulo lakale limati isachedwe kuposa 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi. Pa makamera a sensa ya saizi ya APS-C, monga ZV-E10, Z30, M200 ndi a5100, lenzi ya 50mm imaona ngati 75mm, kapena 80mm pa Canon, ndiye malire ndi 1/80. Amenewo ndi a wosuzumira. Inu wirikizani kawiri, 1/160. Anthu akamavina musatsike 1/250, ndipo ISO ikwere mmene ingakwerere. Chithunzi chokhala ndi timadontho munthu amalandira, chachimbuuzi amabweza.

Pamene njira zonsezi zimalephera ndi pa lenzi yaitali. Mukaika 200mm kapena 300mm n'kumafuna wosewera mpira akuthamanga, kapena nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba ku Senga Bay, kupeza chinthucho pasikirini n'kovuta, kuchitsata n'kovutanso kuposa. Wosuzumira mutu wake ndi lenzi zimatembenukira limodzi, kumene wayang'ana ndi kumene kamera yaloza. Wa sikirini maso ali pansi, manja akufufuza kwina. Ngati ntchito yanu ndi mpira, mbalame kapena nyama za ku Liwonde, musavutike n'kuwerenga zambiri, gulani yosuzumira.

Zimene ndimaikondera

Ndiye n'chifukwa chiyani ndimainyamula? Chifukwa choyamba ndi nkhope yanga. Ndikaika D3200 pamaso, munthu amene ndikumujambula amaona chikamera chakuda ndi diso limodzi lotsinzina, ndipo amauma. Agogo amakhwimitsa nkhope ngati akujambulitsa cha chiphaso, mwana amathawira kumsana kwa mayi ake. Ndikagwira yaing'onoyo pachifuwa, nkhope yanga ili poyera, ndimacheza nawo. "Agogo, mdzukulu wanuyu mwamulera bwino, taonani lero." Akamayankha akuseka, chala chadina kale. Zithunzi zimene mabanja amazikuza n'kupachika pakhoma nthawi zambiri zimakhala zimenezi, osati za pamzere zija.

Chachiwiri ndi perekani-perekani. Aliyense amene anajambulapo ukwati akudziwa kuti a MC akangoitana akuchimuna, akwati amasowa pakati pa misana ya anthu. Wosuzumira amakwera pampando kapena amajambula mongoganiza. Ine ndimakweza kamera pamwamba pa mitu, sikirini itayang'ana pansi, ndikuona bwinobwino ndalama zikuuluka ndi beseni lili m'manja mwa mkwati. Pachinkhoswe, ankhoswe akamapatsana nkhuku, ndimatsitsa kamera mpaka m'mawondo popanda kugona pafumbi ndi zovala zabwino. Apa onetsetsani mtundu wa sikirini. Ya a5100 ndi M200 imapindikira m'mwamba mokha, yabwino pojambula pansi ndi podzijambula, koma pamwamba pa mitu sikuthandizani pokhapokha mutazondotsa kamera. Ya ZV-E10 ndi Z30 imatsegukira m'mbali n'kuzungulira, imatha zonse.

Maso onse awiri amakhalanso otseguka, ndiye mumaona zimene zikubwera: mwana amene akuthamangira kutsogolo kwa lenzi, azakhali amene ayamba kugwetsa misozi chakumbali, ngakhalenso dzanja limene likuyandikira chikwama chanu pamsika. Kukhudza sikirini pa nkhope imene mukufuna kuti ikhale yakuthwa n'kofulumira kuposa kusuntha kadontho ndi mabatani, ndipo amene anazolowera foni amaphunzira tsiku limodzi. Mphuno yathukuta sigundanso pasikirini.

Pa vidiyo ndiye palibe mkangano. Kamera ikakhala pa tripod (choimikira cha miyendo itatu) kapena pa gimbal (chogwirira choletsa kugwedezeka) palibe amene amasuzumira. Ngati mumajambula makwaya, maulaliki, nyimbo, kapena mumadzijambula nokha za pa YouTube ndi TikTok, ndalama ya viewfinder ndi yongotaya, kuli bwino ipite ku maikolofoni. Mukamajambula vidiyo yaitali panja, tsegulani sikirini ichoke pathupi la kamera kuti kutentha kuzituluka, ndipo pezani wina agwire ambulera. Pa Sony, Auto Power OFF Temp. muike pa High kuti isazime msanga.

Kupepuka kulipo koma musakukokomeze. Sony a5100 imalemera magalamu 283, a6000 magalamu 344. Kusiyana kwake n'kochepa. Kumamveka mukayerekeza ndi DSLR, kamera yaikulu ya kalilole mkati ngati D3200 yanga, ndi malenzi ake, kapena mukatenga Ricoh GR III ya mu 2019, ya magalamu 257, imene imalowa m'thumba la thalauza ili ndi sensa yaikulu ngati ya D3200 yanga.

Maso anu ali ndi zaka zingati

Ichi achinyamata sachiganizira, ndipo n'zomveka. Munthu akadutsa zaka 40 maso amayamba kukana zapafupi, uja mumaona akulu akutalikitsa foni kuti awerenge uthenga. Sikirini ya kamera imakhala pamtunda womwewo umene maso akukana. Viewfinder ili ndi kagudumu kakang'ono pambali, diopter, kamene mumapotokola mpaka manambala amkati aoneke akuthwa kwa diso lanu, ndipo simufunanso magalasi. Sikirini ilibe zimenezo. Ine pano ndimapachika magalasi owerengera m'khosi: kuyang'ana akwati ndivule, kuyang'ana sikirini ndivale. Zimatopetsa, ndipo n'chifukwa chimodzi chimene D3200 sinapume. Koma amene amavala magalasi oonera patali nthawi zonse ena amakonda sikirini, poti galasi likagunda pa viewfinder saona m'makona ndipo limakalika.

Zimene zimachoka limodzi ndi viewfinder

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, chifukwa maso amakhala pa viewfinder pomwe chachotsedwa china chofunika kuposa. Yang'anani pamwamba pa kamera. Kodi pali kanjanji kachitsulo kolowetsapo fulashi yaikulu, hot shoe? Sony a5000 ndi a5100 alibe. Canon M100 ndi M200 alibe. Ali ndi kafulashi kotumphuka kamene kamafika mamita ochepa basi. Wojambula maukwati sangagwire ntchito m'holo usiku ndi kameneko, makamaka magetsi akazima n'kutsala mababu awiri a jenereta. ZV-E10 ndi Z30 ndi mosemphanitsa: hot shoe ilipo, fulashi yamkati palibe, ndiye muwerengeretu ndalama ya fulashi. Yang'ananinso kabowo ka maikolofoni. Pa a5100 ndi M200 palibe, pa ZV-E10 ndi Z30 kalipo.

Ena amati adzagula viewfinder yapadera pambuyo pake. Zimatheka pa makamera ochepa okha. Canon EOS M6 ndi M6 Mark II amalandira EVF-DC2, ma Olympus PEN angapo akale amalandira VF-2, ndipo Ricoh GR ili ndi tamagalasi tosuzumira tomwe timangoonetsa malire a chithunzi. Zonsezi zimakhala pa hot shoe, kutanthauza kuti fulashi ilibenso pokhala. ZV-E10 ndi Z30 alibe yapadera n'komwe. Komanso mukaphatikiza mtengo wa kamera ndi wa viewfinder yapaderayo, kawirikawiri mumafika pa mtengo wa kamera imene ili nayo kale, ndipo kuipeza kuno n'kovuta.

Ganiziraninso tsiku limene sikirini idzasweke. Pa D3200 ndikhoza kumaliza ukwati wonse ndikusuzumira. Pa inayo, ntchito yathera pomwepo. Mukhoza kulumikiza foni pa Wi-Fi, kudzera pa SnapBridge ya Nikon, Camera Connect ya Canon kapena Imaging Edge Mobile ya Sony, n'kumaonera pafoni, koma chithunzi chimabwera mochedwa, cha anthu oima chokha ndiye mungapulumutse. Lumikizani foniyo lero sikirini ikadali yamoyo, chifukwa ikafa simudzaona menyu. Matani kagalasi koteteza tsiku logula lomwelo, ndipo ngati sikirini imazungulira, muziitembenuzira mkati poika m'chikwama.

Pamaliro ndi pamapemphero ausiku sikirini imawala n'kukopa maso a anthu onse okhala kumbuyo kwanu. Itsitseni mpaka pansi ndipo muzimitse zoonetsa chithunzi mukangojambula. Zimitsaninso kulira kwa kamera.

Batire

Anthu amaganiza kuti sikirini ndiyo imadya batire kuposa viewfinder. Zimatengera viewfinder yake. Ya DSLR ndi magalasi chabe, sidya moto, n'chifukwa chake Nikon D3500 pa muyeso wa CIPA, umene makampani a makamera amayesera mabatire, imafika zithunzi 1,550 pa batire imodzi. Koma ya makamera opanda kalilole ndi kasikirini kena kobisika mkati, ndipo kamadya kwambiri: a6000 imapatsidwa zithunzi 360 pa sikirini, 310 posuzumira. ZV-E10 imapatsidwa 440, Z30 330. Choncho poyerekeza ndi anzake opanda kalilole simukutaya kanthu, koma poyerekeza ndi DSLR mukutaya kwambiri, ndipo mukawalitsa sikirini chifukwa cha dzuwa manambalawo amatsika. Kupita ku ukwati ndi batire imodzi n'kudziputira mavuto. Mabatire atatu ndiye poyambira. Chabwino n'chakuti ZV-E10, Z30 ndi a5100 amatchajika ndi chingwe cha USB, ndiye pawabanki imakupulumutsani kumudzi kopanda magetsi, anthu akamadya inu mukutchaja. Batire ya NP-FW50 imalowa mu a5100, a6000 ndi ZV-E10 momwe, moti mukadzasintha kamera pakati pa amenewa mabatire simutaya.

Pali nkhani ina imene sili m'buku la kamera. Kasitomala amalipira akuyang'ana chimene mwanyamula. Mukafika ndi kakamera kosalala pamwamba, wa komiti ya ukwati amayang'ana kamerayo, n'kukuyang'anani, n'kufunsa kuti, "Yeniyeni ikubwera?" N'zopanda chilungamo koma zilipo. Ine ndimaika lens hood, kakhonde ka kutsogolo kwa lenzi, ndi fulashi pamwamba, ndipo DSLR imalendewera paphewa ngakhale tsiku limene ndikudziwa kuti zithunzi zambiri zichokera ku yaing'ono. Oyamba kumene, amene mulibe dzina, muziwerengere zimenezi. Komabe kuchepa komweko kumathandiza pamsika, m'minibasi ndi padoko asodzi akamatsitsa usipa, pamene kamera yaikulu imasonkhanitsa anthu ofunsa kuti zithunzizo mukupita nazo kuti. Kupempha chilolezo musanajambule munthu sikusintha, kamera ikule kapena ichepe.

Pogula yakale

Musayesere m'shopu kapena m'galimoto. Tulukani nayo panja padzuwa, mukweze kuwala kwa sikirini, muone ngati mungathe kuwerenga manambala ndi kuzindikira nkhope ya munthu amene waima masitepe asanu. Wogulitsa akakana kutuluka nanu, muli ndi yankho. Tsegulani ndi kutseka sikirini mbali zonse kamera ili yoyaka. Mkati mwa hinji mumadutsa kachingwe kopyapyala, ndipo kakayamba kuduka chithunzi chimathwanima, chimasintha mtundu kapena chimazima pa ngodya ina. Pa kamera yosuzumira limenelo ndi vuto laling'ono, pa iyi ndi imfa. Jambulani khoma loyera ndiponso mutavindikira lenzi, muone ngati pasikirini pali mabanga, mizere kapena m'mphepete moyuka. Khudzani makona onse anayi ngati ndi yokhudza.

Lowani m'menyu muone zilankhulo. Makamera ambiri a Sony amene anapangidwira msika wa ku Japan ali ndi Chijapanizi chokha, posinthira palibe, ndipo kamera imene zonse zimachitikira pasikirini simungaiyendetse mongoloweza. Pa Canon EOS M dziwani kuti kampaniyo inasiya mtundu umenewu n'kupita ku EOS R, ndipo malenzi a EF-M salowa pa makamera a R. Kamera ikhoza kukhala yotchipa chifukwa cha chimenecho. Ngati muli kale ndi malenzi a Canon a EF, adaputala imawalowetsa pa M, ndiye si zoipa, bola mudziwe chimene mukugula.

Amene ntchito yake yaikulu ndi vidiyo, kapena zithunzi za m'nyumba, za katundu wogulitsa pa intaneti, za ana ndi za paulendo, ndimamuuza kuti atenge yopanda viewfinder, makamaka ZV-E10 kapena Z30 chifukwa cha hot shoe ndi maikolofoni, ndalama yotsalayo agulire lenzi yowala ndi mabatire. Amene akufuna kudya za maukwati ndipo ali ndi ndalama ya kamera imodzi yokha, ndimamuuza kuti atenge a6000, M50, Z50 kapena DSLR yakale, chifukwa theka la ntchito yake lidzachitika panja pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko. Yopanda viewfinder adzaigule ikhale yachiwiri, ndipo asankhe ya kampani yomweyo kuti malenzi azisinthana.